Ulendo wa pandege wochokera ku Lilongwe kupita ku Joni: mmene mungawerengere nokha mtunda ndi nthawi

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,490. Ndege yosaima panjira imatenga maola awiri ndi mphindi 20, ikachedwerako maola awiri ndi theka. Nambala ziwirizi n'zosavuta kuzipeza, foni iliyonse ya intaneti ikuuzani. Vuto limabwera pozigwiritsa ntchito. Munthu amamva zoti ku Joni ndi maola awiri, n'kuuza abale kuti akamuchingamire madzulo, chonsecho tikiti yake ndi yodzera kwina ndipo akafika mawa lake. Wina amaona tikiti yotsikirako mtengo, n'kulipira msangamsanga, osadziwa kuti wagula ulendo wa makilomita oposa 6,000.

Ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Joni. Chipitireni iye kumeneko, abale ndi anzanga a kumpingo akafuna kukwera ndege amabwera ndi foni kudzandionetsa tikiti kuti ndiwamasulire. Zimene ndimawauza ndi zimene ndalemba pano. Ndikufuna muzitha kuwerengera nokha ndi pensulo ndi kapepala, chifukwa wokugulitsani tikiti amakhala ndi anthu ena pamzere, ndipo si iye amene adzagone pampando wa pabwalo la ndege usiku wonse.

Yambani ndi zilembo zitatu

Bwalo lililonse la ndege lili ndi zilembo zitatu zolizindikirira, ndipo pa tikiti zilembozo n'zofunika kuposa dzina la mzinda. Bwalo la Kamuzu ndi LLW. La Chileka ku Blantyre ndi BLZ. La O.R. Tambo ndi JNB. Addis Ababa ndi ADD, Nairobi ndi NBO, Heathrow ku London ndi LHR. Musanayang'ane mtengo, werengani zilembozi motsatana monga zalembedwera. Mukaona LLW kenako JNB basi, simusintha ndege panjira. Mukaona LLW, ADD, JNB, dziwani kuti muyamba mwapita kumpoto, ku Ethiopia, ndiye n'kubwerera kummwera, kudutsa chapafupi ndi kwanu komwe, kupita ku South Africa.

Mizinda ikuluikulu imakhala ndi mabwalo oposa limodzi. Johannesburg ili ndi bwalo lina lotchedwa Lanseria, zilembo zake HLA, lomwe lili mbali ina ya mzinda, ulendo wa ola lathunthu kapena kuposa pagalimoto kuchokera ku O.R. Tambo. London ili ndi Heathrow, Gatwick ndi ena. Ngati mwagula matikiti awiri, imodzi yokufikitsani ku JNB, ina yochokera ku HLA kupita ku Cape Town, ndiye kuti pakati pake pali ulendo wa pamsewu umene palibe tikiti yaulemba.

Mtunda

Njira yachidule ndi kulemba pa Google zilembo za mabwalo awiriwo ndi mawu akuti distance. Mungathenso kutsegula Google Maps pakompyuta, kuika kadontho pa bwalo loyamba, kusankha Measure distance, n'kukadina pa bwalo lachiwiri. Koma chenjerani ndi muyeso umene wagwiritsidwa ntchito. Ulendo womwewo wa Lilongwe ndi Joni mudzaupeza pena walembedwa 1,490, pena 925, pena 805, ndipo zonsezo n'zoona. Nambala yoyamba ndi makilomita. Yachiwiri ndi mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Yachitatu ndi mamailosi a oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi, omwe imodzi ndi makilomita 1.852. Anthu ena amatsutsana kwambiri pa nkhani ya mtunda, pamene kusiyana kwawo kuli pa muyeso chabe.

Kwa amene amakonda kuona kumene nambala yachokera, mukhoza kuipeza ndi dzanja, ndipo ana anga a Fomu 3 amaikonda ntchito imeneyi. Pamapu a dziko pali mizere yopingasa ndi yotsika. Digiri imodzi yopita kumpoto kapena kummwera ndi makilomita 111 kulikonse padziko. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.8 kummwera kwa ikweta, la O.R. Tambo pa madigiri 26.1. Kusiyana kwake ndi 12.3, ndipo tikachulukitsa ndi 111 tikupeza makilomita 1,365 olowera kummwera. Koma Joni sili kummwera kwenikweni kwa Lilongwe, lapendekera kumadzulo. Lilongwe ili pa madigiri 33.8 kummawa, Joni pa 28.2, kusiyana kwake 5.6. Mizere yotsikayi imayandikana tikamatalikira ikweta, choncho m'dera lathu lino digiri imodzi yopita kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 104, osati 111. Tikupeza 582. Tsopano ndi lamulo la Pythagoras lija: 1,365 kuchulukitsa ndi 1,365, kuphatikiza 582 kuchulukitsa ndi 582, kenako kupeza square root ya zonsezo. Yankho ndi 1,484. Tasemphana ndi makina ndi makilomita ochepa kwambiri.

Njira imeneyi imagwira pa maulendo aafupi ngati uwu. Pa ulendo wa ku London kapena ku America musaiyese, chifukwa dziko ndi lobulungira ndipo mapu apakhoma amanamiza. Tengani lalanje, lembani madontho awiri otalikirana, kokani ulusi pakati pake. Pamene ulusi wadutsa ndiye njira yaifupi, ndipo mukaijambula pamapu ophwatalala imaoneka yokhota. N'chifukwa chake pa kanema wa m'ndege za maulendo ataliatali mzere umaoneka ngati woyendetsa akuzungulira dala, pamene akudula njira.

Mzere wowongoka wochokera ku Lumbadzi kupita ku O.R. Tambo umandisangalatsa chifukwa umatsata pafupifupi njira ya basi. Umatuluka m'Malawi posakhalitsa, kulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuwoloka Zambezi pakati pa damu la Cahora Bassa ndi mzinda wa Tete, kulowa mu Zimbabwe chakummawa kwa Harare, kudutsa cha ku Masvingo, n'kukawoloka Limpopo pafupi ndi Beitbridge. Amene anayendapo pabasi akudziwa mayina amenewa ndi thupi lawo: chipata cha Dedza kapena cha Mwanza, mlatho wa Tete, Nyamapanda, kenako mzere wa pa Beitbridge. Pamsewu ndi makilomita oposa 1,800, ndipo basi imatha usana ndi usiku n'kulowa tsiku lina, makamaka chifukwa cha kuima pazipata zitatu. Kunena zoona mtunda wa pamsewu sukuposa kwambiri wa m'mwamba. Chimene ndege yakuchotserani ndi zipata ndi liwiro la basi. Ndegeyo siitsata mzere wowongoka ndendende, chifukwa kumwambako kulinso njira zoikika zimene oyang'anira ndege amalamula, koma zowonjezerazo n'zochepa.

Kusandutsa mtunda kukhala nthawi

Apa ndiye pamene pali phindu lenileni. Ndege za injini za jeti zimene zimayenda m'dera lathu, monga Boeing 737, zikafika pamwamba, makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, zimathamanga makilomita 800 mpaka 850 pa ola. Koma siziyamba ndi liwiro limenelo. Zimayenda pang'onopang'ono pabwalo, kudikira chilolezo, kukwera, ndipo pofika zimatsika mwapang'onopang'ono n'kuyendanso pansi kukafika poimikapo. Choncho lamulo langa ndi ili: gawani makilomita ndi 800, kenako onjezerani theka la ola.

Tiyese. 1,490 kugawa ndi 800 ndi 1.86. Samalani pamenepa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera: 1.86 si ola limodzi ndi mphindi 86. Ola lili ndi mphindi 60, ndiye 0.86 muichulukitse ndi 60, mupeza mphindi 52. Ola limodzi ndi mphindi 52, kuphatikiza mphindi 30, ndi maola awiri ndi mphindi 22. Yang'anani pa tikiti yolunjika, muona kuti sitinapite patali.

Kuchokera ku Chileka kupita ku Joni ndi makilomita pafupifupi 1,360, ndipo lamuloli likupereka maola awiri ndi mphindi 12. Lilongwe ndi Nairobi ndi makilomita pafupifupi 1,430, kutanthauza kuti Nairobi ili pafupi nafe pang'ono kuposa Joni, zomwe ambiri sakhulupirira mpaka ataona mapu. Lilongwe ndi Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,590, maola atatu ndi mphindi 45, ndipo matikiti ambiri amalemba pafupifupi maola anayi. Ngakhale kaulendo ka Lilongwe ndi Blantyre, makilomita 245 okha, lamuloli likukwanira: mphindi 18 kuphatikiza 30, pafupifupi mphindi 50. Onani kuti pa ulendo waufupi chonchi, nthawi yambiri imathera ponyamuka ndi potera.

Ndege ikakhala ya mapulopela, monga Dash 8 Q400, liwiro limatsikira pa makilomita 650 pa ola, ndiye gawani ndi 650. Pa ulendo wa ku Blantyre kusiyana kwake simungakuone, koma pa ulendo wa makilomita 1,500 kumakwana pafupifupi theka la ola. Mtundu wa ndege umalembedwa pa tikiti kapena pa tsamba logulirapo, m'timalemba tating'ono.

Nthawi yolembedwa pa tikiti si ya m'mwamba mokha. Imayambira pamene ndege yachoka poimikapo mpaka pamene yaima kumene ikupita. Choncho woyendetsa akalengeza kuti tiuluka kwa maola awiri ndi mphindi zisanu pamene tikiti ikuti maola awiri ndi mphindi 25, palibe amene wanama. Bwalo la O.R. Tambo ndi lalikulu. Lili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo ndege zimafuna mtunda wautali kuti zinyamuke, n'chifukwa chake msewu wake umodzi wa ndege umaposa makilomita anayi. Ndege ikatera imatha kuyenda pansi mphindi 10 kapena 15, ndipo nthawi zina imaima patali n'kukutengani pabasi kupita kunyumba yofikira.

Mphepo nayonso imasintha zinthu. Kumwamba kwambiri, m'madera ambiri, mphepo yamphamvu imaomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa, choncho maulendo opita kumadzulo amatalika kuposa obwerera. Pa ulendo wathu wa Lilongwe ndi Joni, umene kwenikweni ndi wolowera kummwera, kusiyanako ndi mphindi zochepa. Chimene muyenera kuchiganizira ndi mvula ya mabingu. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, Johannesburg imakhala ndi mabingu ndi ziphaliwali pafupipafupi nthawi ya madzulo, ndipo ndege zimatha kuzungulira m'mwamba kudikira kuti kuyere. Ngati mukuyenda miyezi imeneyi ndipo muli ndi ndege ina yoti mukakwere, sankhani yofika m'mawa kapena masana ngati ilipo.

Tikiti yoima panjira

Pali kusiyana pakati pa ndege yosaima ndi ndege ya nambala imodzi. Ndege zina zochokera ku Lilongwe zimayamba zatera ku Chileka kukatenga anthu, kenako n'kupitiriza ku Joni, nambala ya ulendo osasintha. Pa tikiti mukhoza kungoona LLW ndi JNB, koma nthawi yake n'kukhala pafupifupi maola anayi. Werengerani: mphindi 50 kukafika ku Chileka, mphindi 45 kapena ola muli pansi, maola awiri ndi mphindi 10 kukafika ku Joni. Apa ndi pamene lamulo logawa ndi 800 limakuthandizani. Ngati masamu anu akuti maola awiri ndi theka koma tikiti ikuti anayi, ndiye kuti pali poima penapake, kapena pali kusiyana kwa mawotchi. Funsani musanalipire. Kuima ku Chileka si vuto, ine sindidandaula nako, bola muzidziwe kuti muuze okuchingamirani nthawi yoyenera.

Kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndi nkhani ina. Lilongwe kupita ku Addis makilomita 2,590, Addis kupita ku Joni makilomita oposa 4,000, onse pamodzi oposa 6,600. M'mwamba mokha mukhala maola oposa 9, osawerengera kudikira, komwe kawirikawiri kumakhala kwa usiku wonse. Kudzera ku Nairobi ndi makilomita oposa 4,300. Maganizo anga ndi akuti wopita ku Joni asagule tikiti yotere pokhapokha ngati kusiyana kwa mtengo kuli kwakukulu zedi kapena malo atha m'ndege zolunjika. Kwa agogo, kwa mayi woyenda ndi khanda, kapena wodwala amene akupita kuchipatala, ndimakana ndithu. Palinso china chimene ambiri saganizira: dziko la South Africa limafuna kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pabwalo la ndege la dziko limene kuli matendawa, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu limenelo. Wochokera ku Malawi molunjika safunsidwa kabukuka, koma tikiti yozungulira ikhoza kukuikani m'gulu la ofunsidwa.

Mawotchi

Lamulo lake ndi limodzi ndipo silisintha: nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo kumene chinthucho chikuchitikira. Nthawi yonyamuka ndi ya pawotchi ya kumene mukunyamukira, nthawi yofika ndi ya pawotchi ya kumene mukufikira. Wopita ku Joni ali ndi mwayi, chifukwa Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse ali pa nthawi imodzi chaka chonse. Mukanyamuka 13:00 n'kufika 15:25, mwayenda maola awiri ndi mphindi 25, palibenso zina.

Mukangolowera kummawa kapena ku Ulaya, zinthu zimasintha. Addis Ababa, Nairobi ndi Dar es Salaam ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Dubai ali patsogolo ndi maola awiri. London ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, koma kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amasuntha mawotchi awo, ndipo kusiyana kumatsala ola limodzi.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yosandutsa nthawi zonse za pa tikiti kukhala nthawi ya ku Malawi, kenako n'kuchotsera. Tiyerekeze tikiti ya mwezi wa Julayi yopita ku London. Nthawizi ndangoziika kuti tiphunzirirepo, inu mudzatenge za pa tikiti yanu. Kunyamuka LLW 14:00, kufika ADD 19:00. Kunyamuka ADD 01:00, kufika LHR 07:00. Mukangoyang'ana, chigawo choyamba chikuoneka maola asanu, chachiwiri maola 6. Zonse ziwiri n'zolakwika. 19:00 ya ku Addis ndi 18:00 ya kwathu, ndiye chigawo choyamba ndi maola anayi. 01:00 ya ku Addis ndi pakati pa usiku kwathu, 00:00. 07:00 ya ku London mu Julayi ndi 08:00 kwathu. Chigawo chachiwiri ndiye ndi maola 8, zomwe zikugwirizana ndi mtunda wake wa makilomita pafupifupi 5,900. Kudikira ku Addis ndi maola 6. Ulendo wonse, kuchokera 14:00 mpaka 08:00 mawa lake, ndi maola 18. Ndipo abale otsala kumudzi asayambe kuda nkhawa 7 koloko m'mawa poona kuti simunaimbe, chifukwa pa wotchi yawo mukadali m'mwamba.

Pobwerera masamu amatembenuka. Chigawo cha London kupita ku Addis chimaoneka chachitali pa tikiti kuposa mmene chilili, ndipo cha Addis kupita ku Lilongwe chimaoneka ngati maola atatu okha.

Kuchokera ku Lilongwe kupita ku London molunjika ndi makilomita pafupifupi 8,000. Kudzera ku Addis kumangowonjezera makilomita 500, chifukwa Addis ili pafupi ndi njira. Kudzera ku Joni kumafikitsa ulendo pa makilomita oposa 10,500, popeza mumayamba mwabwerera kummwera kenako n'kukwera ndege ya maola 11 kupita kumpoto. Ndiye mukuona kuti Addis imene ili yozungulira kwa wopita ku Joni ndi yachidule kwa wopita ku Ulaya.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono za pa tikiti zimasocheretsa anthu kwambiri. Choyamba ndi kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yofika, kutanthauza kuti mukafika tsiku lotsatira. Chachiwiri ndi ndege yonyamuka pakangodutsa pakati pa usiku. Tikiti ikati Lachitatu 00:30, muyenera kukhala pabwalo Lachiwiri usiku. Mukapita Lachitatu madzulo mudzapeza ndege inapita kalekale, ndipo tikiti yoteroyo kuikonza kumadula. Nthawi za pa tikiti zimalembedwa m'maola 24, choncho 07:00 ndi m'mawa, 19:00 ndi madzulo. Mukakhala ku Addis n'kufunsa nthawi munthu wa komweko, tsimikizani ndi wotchi ya pakhoma la pabwalo, chifukwa ku Ethiopia anthu pakati pawo amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, moti 7 koloko yathu ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Matikiti ndi zikwangwani za pabwalo zimatsata nthawi imene tonse tinazolowera.

Kuchokera pakhomo kukafika pakhomo

Tsopano tibwerere ku Joni, tiwerengere tsiku lonse, chifukwa maola awiri ndi theka aja ndi gawo laling'ono chabe. Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, potsata msewu wa M1. Ine wa ku Area 25 ndimapatula theka la ola. Wa ku Area 36, Likuni kapena Kawale apatule ola lathunthu, makamaka ngati akudutsa m'tauni nthawi imene anthu akupita kuntchito kapena akuweruka. Wochokera ku Kasungu kapena ku Mzuzu ali ndi mwayi woti salowa m'tauni, amakhotera pa Lumbadzi, koma wa ku Mzuzu ndimamulangiza kugona ku Lilongwe dzulo lake. Ulendo wa makilomita oposa 300 pamsewu si woti muuphatikize ndi ndege tsiku limodzi, tayala limodzi likaphulika tikiti yapita.

Pabwalo fikani kutatsala maola awiri ndi theka kapena atatu. Makampani ambiri amatseka kulandira katundu kutatsala pafupifupi ola limodzi kuti ndege ya kunja inyamuke, ndipo akatseka atseka, ngakhale ndegeyo mukuiona pawindo. M'maola amenewo muli kupimitsa katundu pasikelo, kudinditsa pasipoti, ndi kusechedwa. Pimani zikwama kunyumba. Tonse timadziwa zimene timanyamula popita kwa ana athu: ufa, mpunga wa Kilombero, usipa, chambo chouma, mtedza. Kumasula chikwama pamzere kuti muchotse makilo owonjezera kumadya nthawi yanu ndi ya anzanu. Komanso zakudya zina, makamaka za nyama ndi zomera zosakonzedwa, zili ndi malamulo polowa nazo m'dziko la eni, ndiye funsani kampani ya ndege musanamange katundu. M'kachikwama ka m'manja musaike zamadzimadzi za m'botolo loposa mamililita 100.

Mukatera ku O.R. Tambo mumatsikira ku Terminal A, kofikira ndege za kunja. Pali kuyenda m'makonde aatali, mzere wodinditsa pasipoti, kudikira katundu, ndi kudutsa kwa a kasitomu. Zikayenda bwino ndi mphindi 45. Zikakumana ndege zikuluzikulu zingapo nthawi imodzi, ola ndi theka limatha. M'Malawi wopita kukacheza amaloledwa masiku 30 popanda viza, koma khalani ndi adiresi ya kumene mukufikira ndi tikiti yobwerera pamalo osavuta kutulutsa, kuti akakufunsani musayambe kufufuza m'foni.

Kuchokera pabwalo, lomwe lili ku Kempton Park kummawa kwa mzinda, sitima ya Gautrain imafika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, ndipo wopita ku Park Station kapena ku Pretoria amasintha sitima panjira. Pagalimoto zimatengera kumene mukupita ndi nthawi yake: theka la ola msewu ukakhala wopanda anthu, ola kapena kuposa nthawi yoweruka.

Tiphatikize. Ola limodzi kupita ku Lumbadzi, maola atatu pabwalo, maola awiri ndi theka m'ndege, ola limodzi potuluka, ola limodzi kukafika kunyumba. Ndi maola 8 ndi theka. Ndege ikakhala yodzera ku Chileka, afika 10. Ndiye ngati pali ukwati, maliro kapena tsiku loonana ndi dokotala, musaike ulendo tsiku lomwelo poganiza kuti ndi maola awiri okha. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a BP pa nthawi yoikika awerengere maola onsewa, ndipo mankhwalawo akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege.

Wopitirira ku Cape Town kapena ku Durban awonjezere zina. Popeza Joni ndi pamene mwalowera m'dziko, mumadinditsa pasipoti pomwepo, kutenga katundu wanu, kudutsa naye kwa a kasitomu, n'kukamuperekanso ku ndege za m'dziko momwemo ku Terminal B. Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,270 kuchokera ku Joni, maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo Durban ndi ola limodzi ndi pang'ono. Pakati pa ndege ziwirizo ine ndimasiya maola atatu. Ngati matikiti ndi awiri ogulidwa padera, siyani ochulukirapo, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri ilibe mangawa ndi inu, mudzagula tikiti ina. Zigawo zonse zikakhala pa tikiti imodzi, kampani ndiyo imakufunirani ndege ina.

Zoti muwauze okuchingamirani

Musangowauza kuti ndifika madzulo. Atumizireni nambala ya ulendo, imene imayamba ndi zilembo ziwiri, kapena chilembo ndi nambala, kenako manambala, tsiku lofika, ndi nthawi yotera monga yalembedwera pa tikiti, popeza imeneyo ndi ya pawotchi yawo kale. Ndi nambala imeneyo akhoza kuiona ndege pa tsamba la intaneti la Flightradar24 kapena kungoilemba pa Google, n'kudziwa ngati yanyamuka mochedwa asanachoke kunyumba. Auzeni kuti mudzatulukira pakhomo patapita pafupifupi ola kuchokera pamene ndege yatera, kuti asalipire malo oimika galimoto kwa nthawi yaitali komanso asayambe kuganiza kuti mwabwezedwa. Gwirizanani malo enieni okumanirana, pakhomo lotulukira anthu ochokera kunja ku Terminal A, ndipo amene wayamba kufika asasunthe. Nambala yawo ya foni ndi adiresi zilembeni papepala n'kuziika m'pasipoti, chifukwa layini ya ku Malawi siigwira nthawi zonse mukangotsika, ndipo batire limatha pa nthawi imene mukulifuna.